Chotupa Chobisala cha Bambo Khokhar

Ntchito yanga pachipatala chathu cha ku Multan ndi kuunika tizidutswa ta mnofu pa maikulosikopu n'kutchula matenda. Zaka makumi awiri ndili pampandowu, ndiye sindinamizika wamba.

Tsiku lina dokotala Lodhi, wa maopaleshoni a mutu, analowa akutafuna maswiti. Iye amanditchula kuti Baji, kutanthauza achemwali.

"Baji, idyani. Chotupa cha muubongo wa bambo Khokhar chazimiririka pa sikani. Mawa ndikuwatulutsa."

"Kodi chotupa n'chamiyendo?" ndinamufunsa. "Kachidutswa munandipatsa kaja kali ndi maselo akufa okhaokha. China chake chawapha."

Ndinatsikira kuwodi. Mayi Sakina, akazi a wodwalayo, ankagawira aliyense maswiti, ati mapemphero ayankhidwa. Ndinawakokera pambali.

"Asanabwere kuno ankamwa chiyani?"

Anamasula mfundo ya mpango wawo. Munali timapilisi ta steroid, togula kusitolo ya mankhwala popanda kalata ya dokotala, toziziritsa mutu.

"Mayi, pali khansa ina ya muubongo, dzina lake limfoma. Ikamva timapilisi iti imabisala, koma siifa. Mukapita nawo kunyumba idzabwerera ndi ukali, ife tisanaidziwe. Tiwasiyitsa timapilisiti pang'onopang'ono, kenako tidzatapanso kachidutswa kena."

"Muwabowolenso mutu? Munthu akudya yekha! Inu mulibe Mulungu?"

"Ndili naye. Ndi yemweyo anandipatsa maso."

Zinandipweteka kuwasokonezera chimwemwe, koma sindinabwerere m'mbuyo. Lodhi anang'ung'udza kuti ndine mkakamira, komabe anasaina kalata yoti wodwalayo asatuluke.

Patatha masabata atatu dzanja la bambo Khokhar, lomwe linali litachira, linayambanso kulemera, chotupa n'kuonekeranso. Pa kachidutswa kachiwiri ndinawapeza: maselo akuluakulu atazinga mitsempha ya magazi ngati nyerere pa fupa. Ndinawathira utoto woyezera, onse anagwira. Inali limfoma yeniyeni, ndipo mankhwala ake tinali nawo.

Mayi Sakina ndinawapeza pakhonde, maso ali gwa pakhoma.

"Tayipeza, mayi. Chithandizo chiyamba Lolemba."

"Masabata atatu onsewa ndakhala ndikukutembererani," anatero.

"Mwamaliza?"

"Ayi." Anapukuta misozi, n'kunditambasulira chikhatho. "Lembani dzina la khansayo apa. Kuyambira lero ndizitemberera iyoyo."