Migolo ya mu Narew ndi Dzanja la Alamu Anga

Ine Regina za malamulo sindinkazilabadira. Koma lamulo likafika pa mtsinje wa kuseri kwa nyumba yako, umayamba sukulu ngakhale uli ndi imvi.

Amuna anga, a Czesław, amamiza nkhaka mu mtsinje wa Narew monga ankachitira bambo awo. Mu Ogasiti timazilonga m'migolo yathabwa pamodzi ndi mchere, adyo ndi katsabola, iwo n'kukhomera zivindikiro, n'kupalasa bwato kukaimiza pakuya atamangirira miyala. Mu Januwale amaboola madzi oundana n'kuivuula. Nkhaka yotero ukailuma amamva ndi amene ali chipinda china. Chaka chomwe ndikunenachi pansi pa madzi panali migolo makumi atatu ndi iwiri.

Ndiye kunabwera bilu yoyeretsa mitsinje. Yabwino ndithu, nanenso zinyalala za m'madzi zimandinyansa. Koma ndime ina inkati munthu asamize chotengera chilichonse mu mtsinje, ndipo mgolo ndi chotengera. A Czesław anawerenga nyuzipepala, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Akadzati vuulani, mudzangondikhomera ine m'mgolo womaliza." Kuchokera tsiku limenelo chakudya ankangochitosa. Munthu wa zaka 71, wodwala mtima. Ndinachita mantha, osanama.

Ndinaimbira a Hipolit, amuna a mng'ono wanga. Ndiwo anali phungu wa dera lathu, m'chipani chomwe chinabweretsa biluyo.

"Alamu, kodi ku Warsaw kumeneko mumagona? Nkhaka za ndani munadya pa ukwati wanu?"

"Alamu, musandidye ndili moyo," anayankha a Hipolit. "Kwathu kuno ku Nyumba ya Aphungu yadutsa kale. Tinaiwerenga katatu, komiti inaipeta, tinavota. Ndimeyo sindinaione, masamba a biluyo analipo makumi asanu ndi anayi."

"Ndiye basi kwatha?"

"Ayi. Ikupita ku Seneti."

Apa ndinakhala pansi. Dzina la Seneti ndinkalimva pa wailesi, mavoti ndinkaponya ndithu, koma ntchito yake sindinkaidziwa.

"Nyumba ziwiri bwanji ngati mitala?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ife tilipo 460, timakangana, timathamanga. Iwo alipo 100 okha, amalawa zomwe ife taphika. Ali ndi masiku makumi atatu. Akhoza kuivomereza, kuikana yonse, kapena kuikonza apa ndi apo. Akangokhala chete masikuwo n'kutha, ndiye kuti avomera."

"Akangokhala chete avomera? Bwenzi kwathu kuno a Czesław atavomera zinthu zambiri."

Ndinafufuza mpaka ndinapeza ofesi ya seneta wathu ku Białystok, mayi Dobrochna, amene kale anali dokotala wa ziweto. Ndinapita ndi botolo la nkhaka. Ndinkayembekeza kuuzidwa kuti lembani kalata, koma iwo anatsegula botolo lija pa tebulo pomwepo n'kuyamba kundipanikiza ndi mafunso. Thabwa lake n'la mtengo wanji? Mchere sutulukira m'madzi? Mabanja angati amachita zimenezi? Nanenso ndinabwezera anga. Ndime imalembedwa ndi ndani? Maloya amakhala pati? Munthu wamba akhoza kulowa kukamvera? Tinatha maola awiri, botolo linatsala madzi okha.

Patapita masabata atatu, Seneti inawonjezera mawu akuti migolo yathabwa yosungira chakudya mwa chikhalidwe siikukhudzidwa. Kukonza kwa nambala 14. Ndinavina m'khitchini, a Czesław anadya mbale ziwiri za supu.

Madzulo ake a Hipolit anaimba. "Musavine kaye, alamu. Ikubwereranso kwathu."

"Ibwereranso? Kodi biluyi ndi basi?"

"Mawu omaliza ndi athu. Zomwe Seneti yakonza tikhoza kuzikana. Ndipo chipani chalamula kuti tikane zonse, biluyo isachedwe ndi kukambakamba."

"Inuyo mudzatani?"

Iwo anati, "Amene amandiika pa mndandanda wa opikisana pa chisankho ndi chipani, alamu." Ndinadula foni ndisanalankhule zoti mng'ono wanga adzalire nazo.

Lachisanu lovotera ndinakwera sitima ya m'mawa yopita ku Warsaw, chiphaso cha alendo m'thumba, botolo lina m'chikwama. Ndinkati a Hipolit akachita bwino ndiwapatsa, akalakwitsa ndidya ndekha pamaso pawo. Botolo ndi chikhoti anandiuza kuti ndisiye kosungira zovala, kwa mayi wina wamagalasi dzina lake Leokadia. Ine ndinakwera pa khonde la m'mwamba pomwe alendo amakhala.

Abale inu, holo yake! Yozungulira, aphungu mbwee pansipo, ena akunong'onezana, ena pa foni. Sipikala anamenya ndodo yake pansi katatu. Ndinafunafuna mpaka ndinaona dazi la a Hipolit pa mzere wakumbuyo. Kuvota kwake n'kothamanga, sindinaonepo. Munthu amakweza dzanja limodzi, linalo akudina batani, zotsatira n'kutuluka nthawi yomweyo. Nambala 11, 12, 13, zonse zinakanidwa ndikuona.

"Kukonza kwa nambala 14," anatero sipikala. "Ndani akufuna kuti kukanidwe?"

Manja anakwera mbali yonse ya chipani chawo. La a Hipolit linali pansi.

"Ndani akutsutsa?"

Manja anakwera mbali inayo. Ndinadikira, ndinadikira. La a Hipolit linali pansibe.

"Ndani sakuima mbali iliyonse?"

Pamenepo m'pomwe dzanja lija linakwera, pang'onopang'ono, ngati la mwana wopempha kupita kuchimbudzi.

Sipikala anawerenga kuti ovota 444, ofuna kukana 222, otsutsa 205, osaima mbali 17. Ine kusukulu sindinapite patali, koma 222 ndimadziwa kuti imaposa 205. M'maganizo ndinaona a Czesław akuvuula migolo yawo komaliza, ndipo mutu unandiyaka. Zomwe sipikala ananena pambuyo pake sindinazidikire.

"Hipolit! Wamantha iwe!" ndinakuwa nditagwira chitsulo cha khonde. "Ngakhale kutipha walephera kutipha mwachimuna! Lavula nkhaka zathu!"

Holo yonse inayang'ana m'mwamba. A Hipolit okha sanatembenuke, koma dazi lawo linafiira. Alonda awiri anandigwira m'zigongono mwaulemu wonse n'kunditsitsa.

Kosungira zovala kuja ndinafika ndikulira, misozi ya ukali. Mayi Leokadia anali ndi kawailesi kakanema pakona, ndipo anali ataona zonse.

"Ndinu a nkhaka aja?" anafunsa akundipatsa chikhoti. "Nanga mukuliriranji, achemwali? Mwapambanatu."

"Musandiseke, mayi. Makutu ndili nawo. 222 ndi 205."

"Ine zikhoti za anthu amenewa ndazisunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, tamverani. Zomwe Seneti yakonza zimaima zokha, sizifuna kuti wina azivomereze. Wofuna kuzigwetsa ndiye amavutika, ndipo kungoposa otsutsa sikukwanira. Ayenera kuposa theka la onse amene avota." Anatenga pensulo n'kulemba kuseri kwa tikiti yanga. "Theka la 444 ndi zingati?"

"222."

"Apeza zingati?"

"222."

"Aposa?"

Ndinayang'ana kapepala kaja kukamwa kuli yasa. "Ndiye osaima mbali aja..."

"Amawerengedwa m'gulu la ovota. Aliyense wa iwo wakweza mpanda umene enawo amayenera kudumpha. Anafunika 223. Munthu wanu wadaziyo akanakweza dzanja ndi anzake, bwenzi pano migolo yanu itapita."

Chidwi chinandigwira manyazi asanafike. Ndinawerengeranso ndekha kawiri, ndinafunsa kuti nanga akanangotuluka panja zikanatha bwanji, nanga biluyo tsopano ikupita kuti. Anati akanatuluka, ovota akanatsala 443 ndipo 222 ikanaposa theka, koma tsopano biluyo ikupita kwa pulezidenti, akasaine. Kenako manyazi aja anafika onse pamodzi, ndipo ndinakhala pa benchi. Safunsa anadya phula, ine ndinadyera pa wailesi yakanema dziko lonse likuona.

Ndinaimbira kunyumba. A Czesław anayankha mkamwa muli chakudya.

"Ndamva, ndamva, wolengeza wafotokoza zonse," anatero. "Komanso iwe ndakumva, Regina. Ukanangoima pakhomo pano n'kukuwa, bwenzi tasunga tikiti ya sitima."

Ndinadikira a Hipolit pa benchi paja maola atatu, botolo lili pamiyendo. Atatulukira, tayi anali atamasula, nkhope yotopa.

"Alamu," ndinayamba, "pakamwa pangapa..."

"Ndinapazolowera, mng'ono wanu ali napo pomwepo." Anakhala pambali panga. "Kuvota ndi otsutsa sindikanatha, anzanga a m'chipani aja ndayenda nawo zaka khumi ndi ziwiri. Kuvota ndi anzanga, ndikanawayang'ana bwanji a Czesław pa Khirisimasi? Ndinangotsala ndi dzanja lachitatu."

"Munkadziwa kuti zikwanira?"

"Sindinkadziwa. Ndinkangopemphera."

Ndinatsegula botolo n'kuwapatsa. Anatenga nkhaka imodzi ndi zala, anailuma, mpaka mayi Leokadia anasuzumira.

"Nanga akuluakulu a chipani akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Ndachokera komweko. Nawonso amadziwa kuwerenga, alamu. Akuti pa mndandanda wa chaka chamawa dzina langa lisayembekezeke."

Ndinangowaikira botolo lonse pamiyendo pawo. Iwo anapukuta zala pa mpango n'kuyang'ana m'botolo muja.

"Kodi a Czesław pa bwato paja akadali okha?"

"Okha. Msana ukuwavuta, koma savomera."

"Muwauze andisungire malo. Mu Ogasiti nthawi ndidzakhala nayo."