Lameni wa Mkamwini

Alamu anga a Gerevazio ndi ouma mutu, koma nzeru zozembera ali nazo. Mwana wawo Filomena atakwatiwa ndi Kassimu, Msilamu wa pa Dedza boma, analumbira kuti sadzalawa chakudya cha m'nyumba imeneyo. Kwathu ku Kabwazi zimenezi sizifuna womasulira: wakana chakudya chako wakana iwe. Filomena anabereka, mwana mpaka kuyamba kuyenda, agogo ake osamuona.

Ine monga malume ake a mtsikanayo ndinawaumiriza mpaka anavomera kupita. Koma tsiku anasankha okha, Lachisanu la mu Lenti, pamene Mkatolika sadya nyama. Ankadziwa kuti mkamwini akalandira apongozi amapha nkhuku, ndiye iwo akana mwaulemu, mlandu n'kugwera Mpingo. Ndinazitulukira tili kale m'basi, makadi a chipani ali m'thumba monga ankafunira paulendo masiku amenewo, ndipo ndinapsa mtima njira yonse.

Malo odyera a Kassimu anali kachipinda kuseri kwa msika, komwe tonsefe tinali tisanapondeko. Ocheka matabwa a ku Phiri la Dedza anali atadzazamo, akutuluka thukuta pamene kunja kukuwaza mvula yozizira. Filomena anagwada, mwana ali kumbuyo, n'kupereka moni. Bambo ake anayankha akuyang'ana kudenga.

"Musavutike ndi nkhuku," anatero. "Lero ndi Lachisanu."

"Tikudziwa, bambo," anayankha Kassimu atagwada pakhomo la khitchini. "Filomena anandiuza. Poto ndagula watsopano, sanaphikidwemo nyama."

Anabweretsa mbale ziwiri zakuya za msuzi wofiira. Munali bowa, kabichi, dzira lowiritsa ndi tizingwe tataliatali ta ufa wa tirigu. Anati chakudyachi ndi lameni, anachiphunzira kwa Mjapani wina yemwe ankamuphikira ku Lilongwe, ndipo tizingweto amakanda n'kudula yekha m'mamawa.

Alamu anasowa pothawira. Anasamba m'manja n'kupisa zala mu msuzi wogaduka, koma anazibweza msangamsanga. Atatenga foloko, tizingwe tinkawapulumuka n'kuwathira msuzi pajekete la kutchalitchi. Ocheka matabwa aja ankaseka chamumtima.

Ine ndinalawa. Moto! Tsabola wa kambuzi anandiwaula lilime mpaka m'makutu. Koma moto utazirala kunatsala kukoma kwa bowa kumene sindinakumvepo chibadwire, ndipo dzanja linabwerera lokha m'mbale. Ndinamusirira mnyamatayo, pa kuphika kwake ndiponso pa ulemu wake.

Kenako alamu anameza, n'kuyamba kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Filomena anathamanga ndi kapu ya madzi, poti anaona kuti zonse zawonongeka.

"Pepani bambo, ndachulutsa tsabola," anatero Kassimu, akutambasula dzanja kuti achotse mbale.

A Gerevazio anaigwira ndi manja awiri. "Isiyeni. Ndakuuzani kuti ndakhuta?"

Anadya pang'onopang'ono, akupemerera m'kamwa, akupukuta mphuno ndi mpango, mpaka anapendeketsa mbale n'kumwa msuzi wotsala. Atatha anayang'ana mwana wawo kumaso, koyamba chikwatiwireni.

"Filomena, tam'tsitsa mwanayo ndimuone. Dzina lake ndani?"

"Amadu, bambo."

"Bwera kuno, Amadu," anatero, akumukweza pamwendo. "Iwe izi usalawe msanga. Atate akowa ndi oopsa."