Sipeya wa Padenga la Khola

"Popanso tayala lakumbuyolo!" anakuwa bambo a mapasa, atatulutsa mutu pawindo la galimoto.

"Ndalipopa kale, achimwene. Lili gwa ngati mwala," anayankha mng'ono wawo, yemwe anthu ankamutcha Injiniya chifukwa chokonda kumasula zinthu zosawonongeka.

Mayi a mapasa anali ataima pakhonde, atavala kale nsapato zawo zafulati. M'mawa umenewo ankapita kumayeso a laisensi yoyendetsera galimoto, ndipo chiphaso chawo chophunzirira chinkatha tsiku lomwelo. Akanaphonya, akanayambiranso zonse. Woyesa mayeso anali atanenetsa kuti galimoto yomwe ikuonetsa getsi lochenjeza iye sakwera.

Koma kagetsi kachikasu kochenjeza za mpweya wa m'matayala kanali katakana kuzima. Akaliza injini kankaphethira kaye, kenako n'kukhazikika kali ngwee.

Injiniya anapisa dzanja m'thumba. "Alamu, musadandaule. Tikamatapo katepi kakuda aka, adziwe ndani?"

"Alamu, woyesa uja si mwana," anatero mayiwo. "Amayamba watembenuza kiyi kuti aone ngati magetsi onse akuyaka. Mukufuna andibweze ngati wakuba?"

"Ndiye titani, mayi?" anafunsa amuna awo, akupukuta thukuta. "Nthawi yatha."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patseni choyezera mpweyacho."

Anagwada n'kuyeza okha tayala lililonse. Onse anayi anali odzaza mopitirira muyezo, moti anachita kuwaphwetsako. Ataimirira anafunsa kuti, "Kodi galimotoyi imadziwa bwanji kuti mpweya wachepa?"

Injiniya anakonza kolala ya malaya. "M'tayala lililonse muli kachipangizo komwe kamauza galimoto. Getsi likamaphethira chonchi, ndiye kuti kena sikakuyankha. Kafa kameneko. Lero sizitheka, alamu."

"Kafa, kapena kachoka?"

Mayiwo anazungulira kumbuyo, n'kutsekula buti, n'kuvundukula kapeti. Pamalo a sipeya panali chingwe ndi ambulera yothyoka basi.

"Bambo a mapasa, sipeya ali kuti?"

Bambowo anakanda m'mutu. Pang'onopang'ono maso awo analoza kuseri kwa nyumba. Padenga la khola la nkhuku panali tayala, chitsulo chake chikunyezimira padzuwa. Anali atalikweza pamenepo tsiku lomwe chimphepo chinafuna kusasula malata.

"Kagetsika kanayamba liti?" anafunsa mayiwo mofatsa.

"Eee... cha m'masiku omwewo."

"Inu munkati ndi kuzizira! Galimoto ikuitana mwana wake, inu mwam'tuma kokalondera nkhuku!"

Injiniya anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, nkhuku zanu ndi zolemekezeka. Denga lake lamakono!"

"Usandiseke, iwe. Si iwe unandigwirira makwerero?"

Amuna awiriwo anatsitsa tayalalo, nkhuku zikutetera, n'kuikapo miyala. Linali lophwa ndiponso lodzaza zitosi. Analitsuka mothamanga, kulipopa, n'kulibwezera m'buti. Ataliza injini, kagetsi kanaphethirabe.

"Sikazima galimoto itaima," anatero Injiniya, ulendo uno motsitsa mawu. "Iyende kaye."

Bambo a mapasa anatambasula dzanja kuti agwire chiwongolero, koma akazi awo anawakodola kuti asunthire mbali inayo. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Khalani uko, muziyang'ana getsi lanulo."

Anatuluka pageti, kudutsa pasukulu, kudutsa pomwetsera mafuta. Getsi lili chiyakire. Ataima pamaloboti, bambowo anamenya dashibodi.

"Lazima! Mayi, lazima!"

"Tawinaaa!" anakuwa Injiniya kumbuyo, mpaka woyendetsa basi yoyandikana nayo anacheuka.

Anafika woyesa akuitana dzina lawo. Mkuluyo anakwera, n'kutembenuza kiyi. Magetsi onse anayaka, n'kuzima limodzilimodzi, osatsala ndi limodzi lomwe. Ananunkhiza kafungo ka zitosi, natsitsa galasi.

"Tiyeni, mayi."

Abale awiriwo anatsala pamthunzi, makosi atasolola. Galimoto itabwerera, inalowa chambuyo pakati pa mizere osakhudza ngakhale kamtengo kamodzi. Mayi a mapasa anatsika akumwetulira, atakhoza mayeso, ndipo bambowo anawomba m'manja osaona manyazi ndi anthu.

"Patseni kiyi tsono, mupumule," anatero.

"Ndapumula kale," anayankha mayiwo, natsekula chitseko cha dalaivala. "Kwerani ndikutengeni."