Nkhuku za Amayi Zanyanyala

Inali sikisi koloko m'mawa, mvula itangokata, pamene mwana wachisamba anatuluka m'khola la nkhuku zoikira ali chothamanga, nthenga zili mbwee m'mutu. Kumbuyo kwake nkhuku mazana asanu zinkalira ngati mwalowa vumbwe.

"Mwaonatu!" anauza bambo ake ndi mlongo wake, omwe anali pakhonde ndi makapu a tiyi. "Sabata imodzi yokha chiwaikireni amayi m'manda, mazira atsika ndi theka. Tigulitse, ababa. A kampani ofuna kugula khola aja akufuna yankho lero. Alimi ang'onoang'ono a mazira akutha m'dziko muno, otsala ndi a makola a mashini basi."

Mlongo wake anaseka mpaka tiyi kutayika. "Achimwene, mukuoneka ngati tambala wogonja pa ndewu."

Bambowo anali mphunzitsi wopuma pantchito. Kholalo analimanga ndi mkazi wawo, kuyambira pa anapiye makumi atatu, koma bambowo anali asanatolemo dzira ndi limodzi lomwe.

"Unalowa bwanji?" anafunsa.

"Pakhomo, ababa. Kapena amayi ankalowera pazenera?"

"Unagogoda?"

"Kugogodera nkhuku?"

"Amayi ako ankagogoda katatu. Ndinkamva ndikumeta ndevu, n'kumawaseka. Ankati nkhuku yodzidzimuka imaumira dzira, ndipo amene amakudyetsa sumulowera ngati wapolisi."

"Mayo ine!" anatero mwana wamkazi. "Ndiye sabata yonseyi takhala tikuzimanga?"

Bambo anaika kapu pansi. Anapachula jasi yobiriwira ya malemu pamsomali n'kuvala. Manja ake analekeza m'zigongono, mabatani anakana kukumana. Ana aja anagwirana mapewa ndi phwete, koma bambowo anangowoloka matope mwaulemu ngati akupita kukalasi.

Anagogoda katatu, n'kudikira. Phokoso linayamba kuzirala. Atakankha chitseko pang'onopang'ono, nkhuku zinangopendeketsa mitu, zikuyang'ana jasi ija, kenako zinawapatukira njira. Palibe inauluka.

"Nanga a kampani ndiwauze chiyani?" mwana wachisamba ananong'ona ali panja.

"Uwauze kuti eni khola sanavomere. Ndawafunsa." Anakhosomola pang'ono, maso ali kumbali. "Katenge mathireyi a mazira. Pobwera ugogode."

Anawerama pa chisa choyamba, mawondo akulira, n'kupisa dzanja mu utuchi. Dzira linali lofunda. Analipukuta pajasi, naliika m'thumba, n'kusendera pa chisa chachiwiri.