Kathonje ka Apongozi

Amayi a Chigwirizano a ku Nsaru onse anali atayezetsa khomo la chiberekero, kupatula mtsogoleri wawo yemwe ankawakalipira kuti apite, Mayi Eunice. Sikuti khansa sankaiopa. Mkulu wawo anapita nayo akuona. Vuto linali loti woyeza pachipatala chawo chaching'onocho, uja wopaka viniga n'kuunika ndi tochi, anali Gideon, mkamwini wawo. Munthu woti mukakumana panjira umapatukira m'chimanga, ungakamugonere chagada pabedi?

Tsiku lina Ester, mlangizi wa zaumoyo, anafika kutchalitchi ndi timitengo ta thonje kunsonga. Anati aliyense adzipukute yekha mkati, kuseri kwa chitseko.

"Ndiye aone ndani?" anafunsa Mayi Eunice.

"Palibe, amayi. Makina ndi amene amafufuza zizindikiro za kachirombo koyambitsa khansa, chilonda chisanaoneke n'komwe."

Mayiwo anakatembenuza kamtengoko, kukaloza kudzuwa, mpaka kukanunkhiza. Makina opanda maso angadziwe bwanji za m'mimba mwa munthu? Kenaka anakumbukira malemu amuna awo, omwe ankagwira ntchito kumalo ofufuza zaulimi ku Chitedze, akunena kuti mtedza wooneka bwinobwino umapezeka ndi chuku ukayezedwa. Chidwi chinaposa manyazi, ndipo analowa kuseri kuja.

Zotsatira anabwera nazo Gideon mwiniwake. Anaimika njinga, nakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, nkhope kumbali monga mwa masiku onse.

"Amayi, kachirombo kapezeka. Si khansa ayi. Koma pafunika kuona ndi maso, kuti ngati pali kachilonda kawotchedwe msanga."

Mayi Eunice anayamba kudzifunsa. Kuzungulira konseku, kodi n'kubwereranso pabedi lomwe lija?

"Lachinayi kubwera namwino wamkazi wochokera kutauni," anapitiriza mkamwiniyo. "Ine ndikagwira ntchito kuchipatala chawoko tsikulo. Kuyambira maliro a amayi aakulu aja ndakhala ndikufuna kukuuzani kuti zimenezi n'zotheka, koma ndikanayambira pati?"

Mayi Eunice anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso koyamba chikwatire mwana wawo. Anadabwa: mnyamata ankamuthawa uja anali atamera imvi.

"Dzukani apo, bambo," anatero. "Bwerani pakhonde pano mundiuze bwinobwino za makina anuwo."