Zithunzi Zimene Marjorie Anafufuta

"Ndati mubwereze," anatero Marjorie ataima pakati pa msika wa ku Lewisham, jumbo ya nsomba ili m'manja. "Mwati munaona chiyani?"

Goodwell anayang'ana uku ndi uku. Anthu ankangowapitirira, ena kuwagunda ndi zikwama. Bamboyu anali dalaivala wa basi, mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo chibwenzi chake ndi Marjorie chinali chitafika poti anthu a kutchalitchi n'kumafunsa za tsiku la ukwati.

"Chithunzi chanu," anayankha chapansipansi. "Cha pachifuwa. Bala lisanapole."

Marjorie anali namwino, ndipo zaka zingapo m'mbuyomo madokotala anamuchotsa bere lakumanzere chifukwa cha khansa. Palibe Mmalawi wa mu London amene ankadziwa. Nthawi imeneyo anauza anthu kuti wapita kukagwira ntchito ku Birmingham. Zithunzizo ankadzijambula yekha pagalasi kuti aziona mmene bala likupolera, n'kuzisunga pa laputopu, ndipo atachira anazifufuta. Ankafuna kudzamuuza Goodwell ndi pakamwa pake, tsiku limene iye mwini adzasankhe.

"Munachiona kuti?"

"Kwa Shadrick, ku Wembley. Tinapita kukaonera mpira. Atamwa, anatsegula kompyuta n'kuti, 'Amuna inu, bwerani mudzaone akazi amene mkuluyu akufuna kukwatira. Sikelo yawo ndi yopendekera.'"

"Munalipo angati?"

"Pabalaza panali podzaza."

"Ndiye inu munatani?"

"Ndinatuluka."

"Munatuluka," anatero Marjorie, akugwedeza mutu. "Osamupatsa ndi khofi lomwe?"

"Kuno n'ku London, amayi. Ukamenya munthu umagona m'chitokosi. Komatu ine za berezo sindikuziwerengera, mtima wanga uli pomwepo."

"Sindinakufunseni za mtima wanu."

Marjorie anamupatsira jumbo ya nsomba ija n'kutembenuka.

Shadrick anali mnyamata wa makompyuta. Anabwera kudzaphunzira kuyunivesite, atamaliza anapeza ntchito pa kampani ina m'tauni, n'kuitanitsa mkazi wake Stephanie ndi ana. Kutchalitchi kwawo ku Peckham ankangoti "injiniya wathu." Foni ikavuta, kwa Shadrick. Laputopu ikazima, kwa Shadrick. Ya Marjorie itayamba kuchedwa ndi kulira ngati chigayo, nayenso anapita nayo komweko.

"Asisi, disiki yanuyi ili pafupi kufa," anatero Shadrick tsiku limenelo. "Pali pulogalamu ina yabwino kwambiri, imakopera disiki yonse mmene ilili, ngati fotokope. Ikafa iyi, tingobwezeretsa zonse pa yatsopano. Ndaikira kale anthu ambiri. Musavutike ndi zotsegula akaunti, ndikukonzerani ndine."

Marjorie anathokoza mpaka kumugulira ana ake maswiti.

Atasiyana ndi Goodwell pamsika paja, anakatenga laputopuyo n'kupita nayo kwa bambo wina wa ku Ghana amene ankakonza makompyuta pafupi ndi siteshoni. Bamboyo anaifufuza kwakanthawi, kenako anavula magalasi.

"Pulogalamuyi payokha ilibe mlandu, mayi," anatero m'Chingerezi. "Koma imatenga zonse, ndipo zimene munthu wafufuta nthawi zina zimakhala zikadali pansi. Wodziwa amazitulutsa. Nkhani ndi yoti ikutumiza kuti. Akaunti iyi ndi yanu?"

Anamutembenuzira laputopu. Panali dzina la Shadrick.

"Ikutumizabe mpaka lero. Ndiitseke?"

"Ayi," anatero Marjorie. "Isiyeni momwemo. Ndikufuna apolisi aipeze ili choncho."

Madzulo a tsikulo anaimbira Effie, mnzake wogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Anamufotokozera zonse, za khansa zomwe. Effie anakuwa.

"Mayo ine! Yangatu anaikanso! Muli zithunzi zimene ndinkatumizira bambo a kunyumba ali ku Zomba. Marjorie, tinapatsa fisi mbuzi kuti atiwetere!"

"Usalire. Yamba kukumbukira amene anapititsako malaputopu awo."

"Tikauze abusa."

"Abusa akatikhazika pansi, atiwerengera vesi, Shadrick agwetsa misozi, ndiye tigwirane chanza. Ine chanza chake sindikuchifuna. Ndikufuna amve mmene zimawawira anthu akamakuyang'ana uli mbulanda."

Sabata imeneyo Marjorie akaweruka ku shifiti sankapita kunyumba. Ankakwera basi kupita kwa mayi uyu, kenako sitima kupita kwa mayi uja, n'kumawatsegulitsa malaputopu. Paliponse dzina linali lomwelo. Ena analira, ena anatukwana, wina anamupempha kuti nkhaniyo ifere pomwepo poopa mwamuna wake. Amene anavomera anapita nawo kupolisi. Analemberanso kampani ya Shadrick, poti munthu wotere ankagwira makompyuta a anthu tsiku ndi tsiku. Kutchalitchi sananene kanthu. Lamlungu anakumana naye pakhomo, Shadrick n'kuti, "Asisi, laputopu ikuyenda?" Iye anamwetulira n'kuti, "Ikuyenda bwino kwambiri, achimwene."

Mapemphero atatha anthu anasonkhana muholo kumwa tiyi, ndipo mlembi anaitana amene ali ndi zolengeza. Shadrick anaimirira, tayi ili pakhosi.

"Abale, amene simunasungitse zinthu za m'makompyuta anu, mundione. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndikuikirani pulogalamu ija mwaulere."

Anthu anaomba m'manja. Marjorie anadikira kuti m'manja muthe, n'kupita kutsogolo.

"Nane ndili ndi cholengeza," anatero. "Ine Marjorie ndinadwala khansa, ndipo ndili ndi bere limodzi. Amuna ena muno mukudziwa kale, chifukwa munalionera limodzi ndi mpira kunyumba kwa injiniya wathu."

Wina anagwetsa supuni. Marjorie anapisa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa bere lopanga limene ankavala, n'kuliika patebulo pakati pa makapu.

"Nali linalo, a Shadrick. Sikelo ija muikonze."

"Asisi, simunamvetse, ine ndimangosungira anthu kuti mwina..."

"Amayi onse amene munaikiridwa pulogalamuyi, zonse za m'malaputopu anu zili kwa bambo awa. Zimene munasunga, ndi zimene munafufuta. Amene mukufuna dzina la wapolisi amene akufufuza nkhaniyi, mufunse Effie."

Phokoso linabuka. Amuna amene anaonera nawo mpira uja anayamba kuyang'ana nsapato zawo, akazi awo akuwayang'ana iwo. Bambo wina, amene mkazi wake anapititsako laputopu, anachita kugwiridwa ndi anthu atatu kuti asamumenye Shadrick. Stephanie anakoka ana ake n'kutuluka osatenga ndi majekete omwe. Marjorie anatola bere lake, n'kulipukuta ndi kansalu, n'kuliika m'chikwama. Goodwell anamutsatira mpaka panja koma iye sanacheuke.

Sipanapite nthawi, apolisi anakatenga makompyuta a Shadrick, ndipo kuntchito anamuimitsa. Viza yake inali yodalira ntchitoyo. Ya mkazi wake ndi ana inali yodalira yake.

Loweruka lina m'mawa belu linalira. Marjorie atatsegula anapeza Stephanie, maso ali otupa. Analowa, n'kukana mpando, n'kugwada pakapeti.

"Amayi, ndagwira mwendo wanu. Analakwa, ndipo ine ndemwe sindikumulankhula. Koma ntchito ikatha tonse tikwera ndege. Mwana wathu Junior ali pakati pa sukulu, Chichewa chomwe sachidziwa bwino. Mukauze apolisi ndi akuntchito kuti munamvana. Nkhuyu zodya akulu zisapote ana."

Marjorie ankamudziwa Junior, ankamunyamula ali wakhanda. Chifundo chinabwera ndithu.

"Stephanie, tandiuza zoona. Tsiku la mpira lija unali kuti?"

Stephanie anaweramitsa mutu. "Kukhitchini."

"Unamva akuseka?"

"Ndinamva."

"Unadziwa chimene akuseka?"

Misozi ya Stephanie inagwera pakapeti.

"Lamlungu lotsatira unakhala pafupi ndi ine, tinaimba buku limodzi," anatero Marjorie. "Unandiyang'ana pachifuwa, ndikukumbuka, ine n'kumayesa kuti ukusirira bulauzi. Dzuka, mwana wanga, maondo angapweteke. Ana ako ndilibe nawo mlandu. Akafuna chakudya abwere, adya. Koma mawu anga sindibweza. Mlandu suola, ndipo si wanga ndekha."

Anamuperekeza mpaka pachitseko. Stephanie anatsika masitepe atagwira khoma.

Foni inalira patebulo. Anali wapolisi uja, kufunsa ngati angabwere Lolemba kudzawonjezera umboni, poti amayi ena awiri anali atabweretsa malaputopu awo.

"Lolemba ndili pa shifiti," anatero Marjorie. "Koma ndisinthana ndi mnzanga. Ndibwera."