Zimene Anatula M'njira

"Nanga iyi bwanji simunaitsegule, amayi?" anafunsa mwana wawo wamwamuna, atanyamula katoni yomata ndi tepi.

"Ibweze pomwe waitengapo."

Anaibweza. Mwanayu anali dalaivala wa malole, munthu wozolowera kuti katundu akafika atsitsidwe, ndipo chiikire maliro a bambo ake manja ankangomuyabwa. Mipando yobwereka anali atabweza kale, pabwalo atasesa, ndiye tsopano anali atalowerera m'chipinda chakuseri chomwe malemuwo ankakonzeramo mawayilesi. Mlongo wake, namwino, anali atatsamira chitseko n'kumangomuyang'ana.

M'chipindamo munalibe poponda. Zitini za timisomali, mawaya okulungakulunga, mawayilesi akufa amene eni ake anaiwala kalekale, zonse zinali m'malo mwake. Bamboyo sankataya kanthu. Batire likatha ankaligunditsa kaye ku lilime, kenako n'kulisungabe, ati mwina lidzakumbuka. Anthu atasiya kubweretsa mawayilesi okonzetsa, anakhala chaka chathunthu akupukuta fumbi pa zinthu zosagwira ntchito, mpaka tsiku lina anamva za njira ya oyenda pansi, yodutsa m'mapiri ndi m'zigwa, yoti munthu amatha miyezi asanaone mathero ake. Nkhaniyo inamulowa ngati chimfine.

Tsiku lonyamuka, chikwama chinamugwetsa chagada pakhonde asanafike n'komwe pageti. Anali atalongedzamo tenti, bulangete, poto wamkulu, wayilesi, nsapato zosinthira, ngakhalenso kabokosi ka zida, ngati kuti m'phiri akakumana ndi munthu wofuna kukonzetsa. Mkazi wake sanaseke.

"Munthu wa imvi kukagona m'tchire ngati alibe kwawo," anatero mayiwo tsikulo. "Ngati mwatopa nane mungonena."

"Ndibwera," anayankha bamboyo akudzisansa fumbi.

Mayiwo sanamuperekeze. Analowa kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale. Komabe, dzulo lake anali atalowetsa mobisa m'chikwamamo juzi yomwe anamulukira okha, ndi chithunzi cha ukwati wawo, cha m'felemu yamatabwa.

Kenako makatoni anayamba kufika kuchokera ku mapositi a m'matauni amene njirayo imadutsa. Yoyamba munali wayilesi, poto uja ndi kabokosi ka zida. Apo mayiwo anaseka okhaokha m'khitchini, n'kumati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Yachiwiri munali bulangete, nsapato ndi makina ometera ndevu. Yachitatu munali juzi ija, yopindidwa bwinobwino, chithunzi chili pakati pake. Munalibe ngakhale kapepala ka moni. Pafoni bamboyo ankangoti ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikudandaula, kenako mawu n'kuduka. Katoni yachinayi itafika, mayiwo anangoikankhira ndi phazi kuchipinda chakuseri. Pambuyo pake panadzaimba foni munthu wachilendo, kunena kuti bamboyo anakhala pansi pa mtengo kuti apume pa chitunda china, ndipo sanadzukenso.

Anthu pamaliro ankayesa kuti mayiwo akulira imfa yokha. Koma chomwe chinkawadya mumtima chinali funso limene sakanatha kufunsa munthu aliyense: pa katundu yense amene mwamuna wawo ankatula m'njira kuti apepukidwe, kodi iwonso anali m'gulu lomwelo? Zaka zonse za ukwati wawo munthuyu sanatayepo ndi msomali wopindika womwe, koma juzi yawo anaibweza.

"Amayi sangakhale muno okha," anatero dalaivala uja, akulankhula ndi mlongo wake ngati mayi awo palibe. "Ndiwatenga ine. Kwanga kuli chipinda."

"Kwanu kumene inu simukhalako, achimwene? Mwezi wonse muli pamsewu. Akakhala ndi ndani, alamu anga amene amabwera kuchokera kuntchito dzuwa litalowa?"

"Ndiye uwatenge iweyo."

"Ine ndimagona kuchipatala kuposa kunyumba, mukudziwa."

"Ndiye tizingoyang'anana?"

Mayiwo anali pampando wa malemuwo, wopendekeka mwendo umodzi. "Mukamaliza kugwirizana," anatero mosakweza mawu, "mundimate tepi bwinobwino, mulembe pamwamba kumene ndikupita. Makatoni ndawazolowera."

Namwino anayamba kutolatola timawaya pansi, dalaivala anatuluka kukayang'ana matayala a galimoto yake, amene analibe vuto lililonse.

Ndi iyeyo amene anabweranso ndi mlendo. Anali bambo wamtali, wowonda, wopsa ndi dzuwa, ndevu zili mpaka pachifuwa. Kumsana anali atabereka chikwama chake, ndipo m'manja anali atakumbatira china, chotuwa, chosokasoka m'makona. Mayiwo anachizindikira ndi zingwe zake. Chinali chitafota ngati munthu wodwala.

"Pepani kuti sindinafike pamaliro, mayi," anatero mlendoyo atakhala m'khitchini. "Ndine amene ndinakuimbirani foni. Tinakumana m'njira, tinayenda limodzi mpaka pomwe anatisiyira. A chipatala anati chikwama nditumize pa positi, koma ndinaona kuti sizingakhale bwino. M'njira amanditcha Ndevu. Kumeneko mayina enieni sitifunsana."

"Nanga ababa munkawatcha ndani?" anafunsa namwino.

Mlendoyo anamwetulira mwamanyazi. "Angolo. Chifukwa cha katundu. Tsiku loyamba kuwaona ndinayesa akusamuka."

Dalaivala anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Mlendoyo anamasula chikwama cha malemuwo n'kuyamba kuyala zinthu patebulo, chimodzichimodzi, mwaulemu. Tenti yaing'ono. Thumba logonamo. Kasitovu kokwana m'dzanja ndi kapoto kake. Malaya amodzi, masokosi osokedwa kuchidendene, thaulo lodula pakati, tochi, singano yokulungidwa ulusi. Pomaliza anaika mswachi wodulidwa chogwirira, wotsala kamutu kokha.

"Ababa kudula mswachi?" anatero dalaivala akuutembenuza. "Munthu amene anandikalipira sabata yonse chifukwa chotaya chivindikiro cha botolo?"

"Phiri limaphunzitsa, achimwene," anatero Ndevu. "Ponyamuka munthu umanyamula mantha ako onse. Kuopa kuzizira, kuopa njala, kuopa kusungulumwa, chilichonse chili ndi katundu wake. Ukakwera zitunda zingapo, mapewa atatupa, matuza ataphulika, umayamba kufunsa chinthu chilichonse kuti, kodi iwe dzulo unandithandiza chiyani? Chikapanda kuyankha, chimapita ku positi. Iwo anavutika kuposa tonse, chifukwa sankadziwa kusiya. Poto uja anamusisita ngati akutsanzikana ndi mbale wawo. Koma atangoyamba, anatiposa tonsefe. Mapepala a pa sopo ankachotsa, zingwe zotsalira ankadula. Kumapeto tinkawaseka kuti ngolo yasanduka njinga."

Mayiwo ankayang'ana zinthu zija. Panalibe chimodzi chomwe anachidziwa ngati chochokera m'manja mwawo. Tebulo lonselo linali la munthu wina, wopepuka, wosafuna kanthu kwa aliyense.

"Nanga juzi?" anafunsa. "Nayonso inalephera kuyankha?"

Mlendoyo anakanda ndevu. Ankaoneka kuti ndi munthu wosadziwa kunama, ndipo pa nthawi ngati imeneyi anthu otere amapweteka. "Juzi ija inali yofunda, mayi, koma ubweya ukanyowa suuma msanga. Mvula itatipeza, juziyo inalemera ngati thumba la mchenga. Anaibereka yonyowa choncho kwa nthawi ndithu, ife tikuwanena. Kenako bondo linayamba kutupa. Ataitumiza anati msana wapuma."

"Anatero?"

"Anatero, mayi."

"Ankanditchula?"

Namwino anagwira phewa la mayi ake, koma iwo analichotsa dzanjalo.

"Sanali munthu wokamba za kunyumba," anayankha Ndevu akuyang'ana pansi. "Tinkatha tsiku lonse osalankhulana. Ankati ali ndi mkazi ndi ana awiri, basi."

Mayiwo anagwedeza mutu. Anamva kusungulumwa kumene sanakumve ngakhale pamanda, chifukwa pamanda paja anali akadali ndi chiyembekezo choti alipo wina wodziwa zomwe iwo sakudziwa. Tsopano munthuyo anali atabwera, atakhutula zonse patebulo, ndipo panalibe chawo. Anayamba kupinda thaulo lodula lija, n'kulipindanso, mpaka linakana.

Namwino, posowa chochita, anatereka ketulo. Tiyi atapsa anatsegula kabati kuti atenge makapu, koma mlendoyo anakweza dzanja.

"Ngati simudandaula, ndimwere m'menemu komaliza."

Anapisa m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama cha malemuwo, komwe anali asanatsegule, n'kutulutsa makapu awiri achitsulo olowetsana, opindikapindika m'milomo. Namwino anamuthirira tiyi m'kapu imodzi. Mlendoyo anakweza kapuyo m'mwamba n'kutsanulira tiyi m'inzake, kenako n'kubwezanso, uku nthunzi ikukwera, dzanja likupita mmwamba ndi pansi osataya ndi dontho lomwe.

"Makapu awiri?" anatero dalaivala. "Munthu wodula mswachi?"

"Imeneyo ndiye nkhani imene tinakangana njira yonse," anatero Ndevu akuthirabe. "Ndinkawauza kuti, Angolo, pakamwa muli napo pamodzi, kapu yachiwiriyi ndi ya chiyani? Tumizani. Ankangondiyang'ana. M'mawa uliwonse, kaya kuli mphepo kaya mvula, awiritse madzi, kenako ayambe zimenezi, uku ndi uku, mpaka nthunzi ithe. Akatha apo aiike kapuyo pamwala, patsogolo pawo, aiyang'ane pang'ono, ndiye aitenge n'kumwa atakwinya nkhope, akudandaula kuti tiyi wozizira ndi madzi otsukira mbale. Ndikafunsa kuti nanga mukumuziziritsiranji, ankati manja anazolowera. Mapeto ake inenso ndatengera, osadziwa n'komwe chifukwa chake."

Namwino anali ataima ndi ketulo m'manja, akuyang'ana mchimwene wake, ndipo dalaivala anali atatembenukira kuzenera. Mlendoyo anaimitsa dzanja, poopa kuti walankhula zolakwika.

"Amuna anga ankamwa tiyi wowira, wochotsa khungu pa lilime," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Amene sindimwa zotentha ndine. Chikwatiranireni, sindinadziziziritsirepo ndekha."

Misozi inatsika, iwo osaipukuta. Ndevu anayang'ana makapu aja ngati akuwaona koyamba. Kenako anatsanuliranso kamodzi, mosamala, n'kuika kapu yodzazayo patebulo, patsogolo pa mayiwo.

Mayiwo anaifumbata ndi manja onse awiri. Chitsulocho chinali chofunda bwino, chosawotcha. Anaikweza n'kumwa osauzira.